Tisanapereke Ndalama za Mamembala pa Thirakitala ya Kaunjika

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa makalabu a alimi ku Chambe, m'dera la Mfumu Yaikulu Nkanda, m'boma la Mulanje. Tawasindikiza monga anayankhulidwira kuti makalabu ena amene ali ndi maganizo ogula makina apindule nawo.

 

Nkhani imene yatisonkhanitsa lero mukuidziwa kale, chifukwa kwa milungu itatu tsopano yakhala ikukambidwa kuchigayo, pamjigo ndi pamsika. Pali munthu amene akugulitsa thirakitala. Ndi Massey Ferguson 165, yofiira, penti wake wowala ngati yatuluka m'sitolo dzulo, ndipo mita yake yowerengera maola ikuonetsa 1,340 basi. Mwini wake akuti inali ya bungwe lina limene linaigwiritsa ntchito pang'ono n'kuitsekera m'shedi. Akufuna theka la ndalama mwezi uno usanathe, apo ayi aipereka kwa wina amene akuti akudikira kale. Ndalama zimene tikukambazi ndi masheya anu, pamodzi ndi zimene makalabu asunga kuchokera ku nandolo wa zaka zitatu. Muli ndalama za amayi amene anakatapa ku banki mkhonde kuti akwanitse sheya yawo. Zikapita, palibe amene adzatibwezere.

Komiti inatuma anthu anayi kuti tikaione. Tinapita, tinaigwira ndi manja, tinakwerapo, ndipo lero tabwera kudzanena zimene tinapeza. Koma choyamba tinene poyera kuti ife sitikudana ndi thirakitala. Ena mwa ife tinagwirapo ntchito ya ulangizi. Tinkapalasa njinga m'midzi ino kuuza anthu kuti akonze minda msanga ndi kudzala ndi mvula yoyamba, chonsecho tikudziwa kuti mayi wamasiye amene ali ndi khasu limodzi ndi ana aang'ono sangamalize kuunga mizere nthawi yake, ndipo masiku amene akanalima mwake amathera ku ganyu m'minda ya ena. Msana wa mlimi wa kuno watopa. Funso lathu lero ndi lakuti: kodi thirakitala imeneyi, pa mtengo umenewu, ndi imene ingatipumitse?

Tiyambe ndi nambala ija ya 1,340, popeza ndi imene yakopa mitima. Mtundu wa Massey Ferguson 165 unapangidwa kuyambira mu 1964 mpaka mu 1975, ku Coventry m'dziko la England ndi m'mafakitale ena a kampaniyo. Ndiye kuti ngakhale itakhala yomaliza kutuluka m'fakitale, thirakitala iyi ili ndi zaka zosachepera 50. Gawani maola 1,340 pa zaka 50: mupeza maola 27 pa chaka. Amenewo ndi masiku atatu kapena anayi ogwira ntchito, chaka chonse chathunthu. Inu amene munagwirapo ntchito ku esiteti ya tiyi, kodi munaonapo thirakitala yamoyo imene imagwira masiku anayi pa chaka? Pamenepa pali njira ziwiri zokha. Mwina nambalayo si yoona, kapena ndi yoona ndipo makinawo akhala zaka zambiri ali chigonere. Zonse ziwiri zili ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndife.

Galimoto timaiyesa ndi makilomita, thirakitala timaiyesa ndi maola amene injini yalira. Pa mathirakitala akale ngati iyi, mita imayendetsedwa ndi kawaya kozungulira kochokera ku injini. Imawerenga ola lathunthu pamene injini ikuzungulira pa liwiro lina loikika. Ikamangolira pang'onopang'ono, mita imawerenga mochepa. Kawayako kakaduka, mita imaima, koma thirakitala imapitiriza kulima monga kale, ndipo ikhoza kulima zaka khumi nambala ili pomwepo. Mita zambiri zakale zikafika pa 9,999 zimabwerera pa ziro n'kuyambanso, kotero 1,340 akhoza kukhala 11,340. Komanso mita ikawonongeka anthu amagula ina n'kuikapo, ntchito yosatha ngakhale ola limodzi, ndipo yatsopanoyo imayamba kuwerenga kuchokera pa ziro.

Tsopano imvani zimene tinaona ndi maso athu. Titafika, mmodzi wa ife anaika dzanja pa injini. Inali yofunda, kusonyeza kuti anali atailiza kale tisanafike. Anailizanso, inalira mphindi 40 tikuzungulira ndi kufunsa mafunso. Muvi wosonyeza liwiro la injini sunasunthe, ndipo nambala yomaliza ya pa mita, imene imayenera kusintha pa mphindi zochepa zilizonse, inali pomwe tinaipeza. Mita ija ndi yakufa. Inafa liti, palibe akudziwa. Sitikunena kuti wogulitsayo ndi wabodza, pakuti mwina nayenso anaigula ili choncho. Tikunena kuti nambala imene akukwezera mtengo ilibe umboni uliwonse, ndipo tisalipire ngakhale tambala imodzi chifukwa cha iyo.

Mita ikakhala chete, thupi la thirakitala limayankhula. Zopondera za kilachi ndi mabuleki zimatuluka m'fakitale zili ndi timizere kuti nsapato isaterereke. Pa iyi timizere ta chopondera kilachi tatha, chitsulo chasalala ngati mpini wa khasu lakale. Bowo la chitsulo chokokera ngolo limakhala lobulungira likakhala latsopano. Pa iyi latalika ngati dzira, ndipo chitsulo chotere sichidyeka ndi maola chikwi chimodzi. Chiwongolero chimayenda mpata wa chikhato chonse matayala akutsogolo asanayambe kutembenuka. Penti uja anapakidwa pamwamba pa girizi wakale, mpaka pa mapaipi a labala ndi pa mawaya. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ife tikuona kuti iyi ndi thirakitala imene inagwira ntchito yambiri ili yaing'ono, kenaka inakhala nthawi yaitali osayenda, kenaka inasambitsidwa kuti ipite ku msika.

Koma tiyerekeze kuti nambala ija ndi yoona, chifukwa mawa kudzabwera wina ndi thirakitala imene inagonadi m'shedi zaka 20, ndipo mudzati tapeza mwayi. Makina amakalamba m'njira ziwiri: pogwira ntchito, ndiponso pongokhala. Mita imawerenga ukalamba woyamba wokha. Inu nonse mukudziwa zimene zimachitikira njinga yosiyidwa pakhonde nyengo ya chiperoni, kapena nyumba imene anthu asiya kugonamo. Kuno m'munsi mwa phiri chinyontho sichisowa.

Thirakitala ikakhala, zoyamba kufa ndi za labala. Timphira totseka oyilo timauma n'kusweka. Pa tsiku logula simuona kanthu, koma ikangogwira ntchito mlungu umodzi n'kutentha, oyilo amayamba kudontha kumbuyo kwa injini, ku maekiselo ndi ku pampu ya dizilo. Kamphira kamodzi n'kotchipa, koma kuti mukafikire kena muyenera kugawa thirakitala pakati, ndipo apo ndi pamene pamapita ndalama. Matayala akhoza kukhala ndi mano aatali ngati atsopano, m'mbali mwake muli ming'alu. Amaphulika tsiku limene mwakoka ngolo yodzaza, ndipo matayala awiri akumbuyo ndi ndalama zambiri. Mbale ya kilachi imamatirira ndi dzimbiri. Dizilo wokhalitsa m'thanki amasakanikirana ndi madzi a chinyontho, pansi pamachita matope akuda amene amatseka masefa ndi kuwononga pampu ndi manozo. Mu giyabokosi namonso mumalowa madzi, ndipo pa Massey Ferguson zakalezi oyilo wa magiya ndi yemweyo amene amayendetsa haidiroliki yonyamula pulawo, kotero madzi akalowa awononga zonse pamodzi. Radiyeta imatsekeka ndi dzimbiri. Makoswe amadya mawaya. Pa zonsezi, palibe chimodzi chimene mita ingakuuzeni.

N'chifukwa chake amakaniko odziwa ntchito amakonda thirakitala ya maola 6,000 imene mwini wake ankasintha oyilo pa maola 200 kapena 250 alionse n'kumalemba m'kabuku, kusiyana ndi ya maola 1,000 imene palibe akudziwa mbiri yake. Ife tinafunsa kabuku kotero, kapena malisiti a masipeya. Panalibe.

Tisachite ngati palibe chabwino. Mathirakitala amenewa ali ndi injini ya Perkins ya masilinda anayi, yopanda kompyuta, ndipo anapangidwa ambirimbiri kotero kuti masipeya ake amapezekabe ndipo amakaniko a ku Limbe amawadziwa ngati chikhato chawo. Injini yotopa imatheka kuimasula, kuika mapisitoni ndi malaina atsopano, n'kubwerera mwakale. Thirakitala yakale si mdani wa mlimi wosauka. Kwa magulu ambiri ndi yokhayo imene angaifikire. Chofunika n'chakuti tiigule pa mtengo wa thirakitala yotopa, tili ndi ndalama zoikonzera m'thumba, osati pa mtengo wa yatsopano chifukwa cha penti ndi nambala yakufa.

Tsono ngati msonkhano uno ufuna kuti tipitirize kukambirana ndi wogulitsayo, ife tikuti zinthu izi zichitike ndalama isanatuluke. Tipite ndi makaniko wathu, wolipidwa ndi ife, amene sadziwana ndi wogulitsa. Tifike m'mamawa injini ili yozizira, isanalizidwe kuchokera dzulo lake, chifukwa injini yotopa imabisa matenda ake ikafunda. Tione utsi: wobiriwira ngati mtambo ukutanthauza kuti injini ikuwotcha oyilo, woyera umene sukutha injini itafunda ukhoza kukhala madzi olowa m'masilinda kapena manozo odwala, wakuda kwambiri ndi dizilo wosapsa bwino. Tione kapaipi kopumira injini, ngati kakufuka ngati mbaula ndiye kuti mapisitoni atha. Tisolole kachitsulo koyezera oyilo, ku injini ndi ku giyabokosi komwe: oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi. Timangirire pulawo, tiikweze m'mwamba, tizimitse injini, tione ngati ikhala kapena itsika yokha m'kanthawi kochepa. Tiyese giya iliyonse. Tiyese PTO, chitsulo chozungulira cha kumbuyo chija, chifukwa popanda icho sitingayendetse makina opukusira chimanga.

Koposa zonse, ilime. Thirakitala iliyonse imaoneka yamphamvu pabwalo. Ibwere kuno, ilowe m'munda wathu ndi pulawo ya madisiki atatu, ilime maola awiri osapuma dzuwa lili pamutu, tione ngati siwira, ngati kilachi siterereka, ngati pansi pake sipadontha. Dizilo wa tsikulo tigula ndife. Wogulitsa amene akukana mayeso amenewa watiyankha kale. Ndipo nkhani yakuti pali wina amene akudikira ndi ndalama m'manja tinaimvapo pa ng'ombe, pa malata ndi pa njinga zamoto. Ngati alipodi, aitenge.

Pali kanthu kena kamene madalaivala ayenera kukamva. Zina mwa Massey Ferguson zimenezi zili ndi kandodo kotchedwa Multi-Power. Kakakhala pa liwiro lotsika, injini sigwira thirakitala potsetsereka. Imangoyenda yokha ngati ngolo yomasuka, ndipo chotsala ndi mabuleki basi. Pa misewu yathu yotsika kuchokera m'mphepete mwa phiri, ndi ngolo ya matumba kumbuyo ndi mabuleki a zaka 50, zimenezi zikhoza kutibweretsera maliro. Ambiri mwa mathirakitala akalewa alibenso chitsulo choteteza dalaivala ikagubuduka. Aliyense amene adzaiyendetse akhale ndi laisensi, ndipo mwana asadzakwere pa madigadi, kaya ndi wa Wapampando kaya ndi wa mfumu.

Tibwere ku mapepala. Tinafunsa bulu buku, anati ali nalo mbale wawo ndipo lidzabwera tikalipira. Ayi. Buku libwere kaye, nambala ya injini ndi ya chasisi zimene zalembedwamo tiziyerekeze ndi zimene zadindidwa pa chitsulo, ndipo dzina la m'bukumo likhale la munthu amene akulandira ndalama. Ife tili pafupi ndi chipata cha Muloza. Ngati inalowa kuchokera ku Mozambique kapena ku South Africa, tione mapepala a MRA ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa. Pansi pa lamulo la Personal Property Security Act la mu 2013, katundu wonga uyu amatha kulembetsedwa ngati chikole cha ngongole m'kaundula wa boma. Tikafufuze kumeneko, kuopa kuti tingagule lero, mawa banki n'kubwera kudzaitenga chifukwa cha ngongole ya munthu wina. Kusintha umwini tikachite tokha ku Road Traffic, osadzera mwa madobadoba, ndipo ilembedwe m'dzina la gulu, osati la munthu mmodzi ngakhale timukhulupirire chotani. Apa mpamene tikuona kufunika komaliza kulembetsa kopaletivi yathu, chifukwa gulu lopanda satifiketi silingakhale ndi katundu m'dzina lake.

Alimi anzathu, pali chifukwa chimene ife tikusakira makina a zaka 50, ndipo tisachiiwale. Dziko lino linagulapo mathirakitala m'dzina lathu. Boma linatenga ngongole ya madola 50 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India, ndipo zina mwa ndalamazo zinagula mathirakitala 177 ndi makina opukusira chimanga 144, zonse zonenedwa kuti ndi za alimi ang'onoang'ono. Mu 2016 ofesi ya Ombudsman, pansi pa mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti losonyeza kuti ambiri mwa makinawo anagulitsidwa motchipa kwa andale, akuluakulu a m'boma ndi anthu ena ochita bwino. Nkhaniyo inafika mpaka ku Supreme Court, imene mu 2019 inagwirizana ndi Ombudsman, ndipo unduna wa zamalimidwe unachita kupepesa kwa Amalawi m'nyuzipepala. Kupepesa tinakumva. Koma ngongole ija ndi ya dziko lonse, ya inu ndi ya ana anu, ndipo funsani m'chipinda chino amene munda wake unalimidwapo ndi imodzi mwa mathirakitala amenewo. Tikamapita kukayankhula ndi a khonsolo ndi aphungu athu, sitipita ngati opempha.

Tsopano funso limene ife tikuliona lalikulu kuposa injini: kodi ntchito yoti thirakitala igwire ilipo yokwanira? Malo ambiri abwino a boma lino ali pansi pa tiyi, ndipo ife tinatsala ndi timinda ta ekala imodzi, ena theka. Tiyerekeze kuti mamembala 200 alembetsa, aliyense ekala imodzi. Pa zimene tinkaona tili alangizi, ekala imatenga ola limodzi ndi theka pa timinda tating'ono chifukwa chotembenukatembenuka, ndipo imamwa malita 8 mpaka 10 a dizilo. Ndiwo maola 300. Koma mwa maekala 200 amenewo chotsani a pamtsetse, chotsani amene ali ndi mitengo ya mango ndi zitsa, chotsani amene njira yake ndi yodutsa munthu ndi njinga basi. Chotsaninso minda imene namondwe wa Freddy mu March 2023 anaikwirira ndi miyala ndi mchenga kapena kuidula ndi zigwembe, monga zinachitikira m'madera ambiri a Mulanje ndi Phalombe. Pulawo ya madisiki ikamenya mwala wobisika, maberingi amatha tsiku lomwelo. Mwina titsala ndi theka.

Ndipo pali nandolo. Ife timadzala nandolo pakati pa chimanga, ndipo amakhala m'munda mpaka September kapena October. Chinangwa chimakhala kupitirira apo. Thirakitala silambalala phata la nandolo ngati mmene limachitira khasu. Ndiye kuti minda yambiri imamasuka nthawi imodzi, milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu mvula isanagwe, ndipo aliyense adzafuna kuti ayambire kwa iye. Apa mpamene magulu ambiri amasweka: Wapampando walimiridwa, mlamu wake walimiridwa, mayi wa kumapeto kwa mudzi amene anapereka sheya yofanana mvula yamupeza akudikira. Ndondomeko ya amene ayambe ilembedwe lero, thirakitala isanabwere, ndipo ichitike mwa maere, mudzi ndi mudzi.

Kuti thirakitala ilime mopindulitsa, minda yoyandikana iyenera kulimidwa ngati umodzi. Kuno minda ndi ya amayi ndi mbumba zawo, ndipo malire ake ndi mzere wa vetiva, mtengo, kapena kanjira. Pulawo ikafafaniza malire, mafumu athu adzatopa ndi milandu. Choncho amayi, nkhani iyi ndi yanu kuposa wina aliyense. Musalole kuti ithere m'manja mwa abambo okha chifukwa choti ndi ya zitsulo. Tikumbukirenso kuti kugalauza pakokha sikumaliza ntchito. Popanda rija yoikidwa pa masentimita 75, mizere tidzaungabe ndi khasu. Mtengo umene tauzidwa ndi wa thirakitala ndi pulawo basi. Rija palibe, ngolo palibe.

Ngolo imeneyo ndiyo ingapulumutse bizinesiyi. Kulima ndi miyezi iwiri. Miyezi khumi yotsalayo dalaivala ndi mlonda amafunabe malipiro. Thirakitala ya gulu imadzilipira ndi kututa manyowa, kunyamula chimanga ndi nandolo kupita nazo ku Chitakale, kunyamula mchenga ndi njerwa za omanga, ndi kuyendetsa makina opukusira nthawi yokolola. Ngati sitingakwanitse ngolo chaka choyamba, tikhala tagula chinthu chogona miyezi khumi pa chaka, ndipo tanena kale zimene kugona kumachita.

Pa za ndalama tinene mwachidule. Masipeya, matayala, oyilo ndi dizilo zonse zimachokera kunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo munaona mmene mitengo inadumphira. Kumapeto kwa 2024 mafuta anasowa m'dziko muno nyengo yeniyeni yokonza minda, anthu n'kumagona pa mizere ya pa filing'i siteshoni. Ndalama zathu nazo zimadalira msika umene sitiulamulira: mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mtengo unagwa mpaka ena anangomusiya m'munda. Gulu limene lathira ndalama zake zonse pa kugula, osasiyako zokonzera ndi zogulira madiramu a dizilo nyengo isanafike, likhala ndi thirakitala yoimikidwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pampando. Ife tikuti pa ndalama zilizonse zimene tili nazo, gawo limodzi mwa magawo atatu lisakhudzidwe pa tsiku logula. Ndipo membala aliyense azilipira polimiridwa, ndalama patsogolo, ndi lisiti. Mawu akuti "ndi yathu yomwe" ndi amene anapha zigayo zambiri za magulu.

Ena afunsa za ngongole kuti tigule yabwinopo. Katapila ayi, ndipo pa thirakitala ya zaka 50 ngakhale ngongole ya ku banki ife sitikuvomereza, chifukwa chiwongoladzanja chimayenda tsiku lililonse, ngakhale pamene makina ali pa majeki kudikira sipeya. Njira imene magulu ena anadutsa ndi ya pulojekiti ya AGCOM, imene inayamba mu 2018 ndi thandizo la World Bank: gulu lolembetsedwa, lokhala ndi ndondomeko ya bizinesi ndi wogula mbewu zake wodziwika, linkapatsidwa 70 peresenti ya mtengo wa zipangizo, ilo n'kusonkha 30 peresenti. Ndalama zimene tasungazi zikhoza kugwira ntchito yaikulu ngati chopereka chathu pa mwayi wa mtundu umenewo kusiyana ndi kuzithera pa chitsulo chimodzi chotopa. Komiti ipite ku ofesi ya zamalimidwe ku boma ikafunse mwayi umene ulipo chaka chino ndi zoyenera kukwaniritsa.

Maganizo a ife anayi amene munatituma ndi awa. Theka limene likufunidwa mwezi uno tisapereke. Timulembere wogulitsayo kalata yomuuza kuti tili okonzeka kukambirana ngati abweretsa bulu buku, alola makaniko wathu, ndipo alola kuti ilime m'munda wathu. Zikatero mtengo tidzaupanga pochotsera zonse zimene makaniko adzapeze kuti n'zofunika kukonza. Pakali pano, chaka chino, tichite hayala thirakitala kwa masiku ochepa, tilimitse minda yoyandikana ya makalabu awiri kapena atatu amene ali okonzeka, tilembe maola, malita ndi maekala, tione ndi anthu angati amene alipiredi ndalama patsogolo. Manambala amenewo adzakhala athuathu, ndipo ndi amene tidzapite nawo kulikonse kokafuna thandizo. Ku bungwe lathu la alimi tikutumiza pempho lakuti likankhire boma kuti mathirakitala aboma obwereketsa azikhala ndi kaundula wopachikidwa poyera pa ofesi ya zamalimidwe, woonetsa amene walimiridwa, maekala ake ndi ndalama zimene walipira, ndiponso kuti makina aboma akamagulitsidwa pa okushoni, makopaletivi a alimi azidziwitsidwa nthawi ilipo.

Tikudziwa kuti ena mwakhumudwa, chifukwa munali mutaiona kale m'maganizo ikulowa pa Chambe ana akuithamangira. Nafenso tinapita kukaiona tili ndi mtima womwewo. Makaniko amene tayankhula naye wati akhoza kupita Loweruka likudzali ngati wogulitsa avomera, ndipo ndalama ya ulendo wake ndi ntchito yake iyenera kuvomerezedwa ndi msonkhano uno. A Wapampando, tikupempha kuti mavoti akhale awiri, loyamba la theka lija, lachiwiri la makaniko, ndipo alembi awerenge manja a kalabu iliyonse payokha kuti zilowe m'maminitsi.